Kodi chidamangirira timu ya Rochdale m'magawo apansi a ligi ya ku England n'chiyani?

Madalitso M. walemba:

Akuluakulu nonse, kwa milungu ingapo tsopano ndakhala ndikuwerenga mbiri ya matimu ang'onoang'ono a ku England, ndipo pali timu imodzi imene yandisowetsa mtendere. Timuyo ndi Rochdale, ya m'tauni ya dzina lomwelo, kumpoto kwa mzinda wa Manchester. Idakhazikitsidwa mu 1907, idalowa mu Football League mu 1921, ndipo idakhalamo zaka 102 kufikira pamene idatuluka mu 2023, koma m'zaka zonsezo sidapondeko ngakhale kamodzi m'gawo lachiwiri la ligi, osanena za gawo loyamba.

Chimene chandizunguza mutu kwambiri ndi nyengo ya pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ligi itayambiranso mu 1946, anthu a ku England adali ndi ludzu la mpira, moti ankadzaza mabwalo ngakhale a matimu osatchuka. Mu Disembala 1949, anthu 24,231 adalowa m'bwalo la timuyi la Spotland kudzaonera Rochdale ikusewera ndi Notts County m'chikho cha FA, ndipo chiwerengero chimenecho sichidapitiriridwepo pabwalopo. M'chaka cha masewero chomwecho timuyi idamaliza pa nambala 3 mu Third Division North, chigawo cha kumpoto cha gawo lachitatu. Munthu woona zimenezi akadati timuyi yayamba ulendo wokwera. Koma kuchokera mu 1946 kufikira mu 2009, Rochdale idakwera gawo kamodzi kokha, mu 1969, ndipo itatsika mu 1974 idakhala m'gawo lachinayi zaka 36 zotsatizana, mpaka anthu adayamba kulitchula gawolo ndi dzina la timuyi.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, kodi vuto lidali utsogoleri wa timu, umphawi wa tauniyo, kapena malamulo a ligi? Lachiwiri, ngati zinthu zidali zothina chotere, zidatheka bwanji kuti Rochdale ikhalebe mu ligi pamene matimu ena a kumpoto komweko, monga Gateshead, Accrington Stanley ndi Bradford Park Avenue, adachotsedwa kapena kudzichokera okha? Amene mukuidziwa bwino mbiri ya mpira wa ku England, chonde ndithandizeni.

Bambo Mbewe ayankha:

A Madalitso, mwafunsa bwino, ndipo ine ndiyamba ndi malamulo, chifukwa ndikukhulupirira kuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani yaikulu.

Kuyambira mu 1921 kufikira mu 1958, gawo lachitatu lidali logawidwa pawiri, la kumpoto ndi la kummwera, ndipo m'chigawo chilichonse timu imodzi yokha, imene yakhala pamwamba, ndiyo inkakwera kupita ku Second Division, gawo lachiwiri. Tangoganizani matimu oposa 20 akulimbirana khomo limodzi chaka ndi chaka. Rochdale idamaliza pa nambala 2 kawiri nkhondo isanayambe, mu 1924 ndi mu 1927, kenako pa nambala 3 mu 1950 monga mwanenera, koma zonsezi sizidaipindulire kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti zaka zimene khomo lidali lopapatiza chotere ndi zaka zomwezo zimene ndalama za pachipata zidali zambiri. M'chaka cha masewero cha 1948-49, anthu oposa 41 miliyoni adalipira kuti aonere masewero a ligi, chiwerengero chimene sichidafikidwenso m'zaka zonse za m'ma 1900. Timu imene ikadakwera nthawi imeneyo ikadayamba kulandira matimu a mayina, ikadakulitsa bwalo, ndipo ikadadzipezera ochemerera achinyamata amene akadaitsatira moyo wawo wonse. Rochdale idaphonya mwayi umenewo, ngakhale kuti pakati pa 1953 ndi 1958 idali ndi mphunzitsi waluso, Harry Catterick, amene pambuyo pake adakatenga ligi kawiri ndi Everton.

Mu 1958 akuluakulu a ligi adathetsa zigawo ziwirizo n'kukhazikitsa Third Division ndi Fourth Division za dziko lonse. Matimu amene adamaliza m'theka lapamwamba la chigawo chawo adaikidwa m'gawo lachitatu, ndipo Rochdale idali m'gulu limenelo. Koma chaka chotsatira idamaliza kumchira n'kugwera m'gawo lachinayi. Kusinthaku kudabweretsanso mtolo wina umene anthu ambiri sauganizira. Kale timuyi inkayenda maulendo aafupi, kukasewera ndi anansi a ku Lancashire ndi ku Yorkshire, amene ochemerera awo ankabweranso mosavuta ku Spotland. Tsopano idayenera kumapita kutali kummwera, ku Torquay, ku Exeter kapena ku Gillingham, kulipira mayendedwe ndi malo ogona, pamene masewero a pakhomo ankakhala ndi alendo amene sadabwere ndi anthu owachemerera. Ndalama zotuluka zidakwera pa nthawi yomwe zolowa zidayamba kutsika.

Nkhonya yaikulu idabwera mu 1961. Chaka chimenecho chisanafike, padali malire a malipiro a wosewera, mapaundi 20 pa mlungu, kaya akusewerera Manchester United kaya timu ya m'gawo lachinayi. Sindikunena kuti wosewera aliyense ankalandira ndalama zimenezo, koma kusiyana kudali kochepa, kotero wosewera wabwino amene adali ndi banja ndi nyumba m'tauni yaing'ono sankaona chifukwa chachikulu chosamukira. Bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Jimmy Hill, lidalimbana ndi lamuloli mpaka lidathetsedwa, ndipo posapita nthawi Johnny Haynes wa Fulham adayamba kulandira mapaundi 100 pa mlungu. Patapita zaka ziwiri, mu 1963, mlandu wa George Eastham udafooketsa lamulo lina limene linkalola timu kumangirira wosewera ngakhale mgwirizano wake utatha. Ine sindingadandaule kuti osewera adamasulidwa, pakuti malamulo akalewo adali opondereza anthu ogwira ntchito. Koma tisabise kuti amene adalipira mtengo wa ufulu umenewo ndi matimu onga Rochdale.

Pambuyo pake zingwe zimene zinkamangiriza matimu aakulu ndi ang'ono pamodzi zidadulidwa chimodzichimodzi. Kufikira mu 1983, timu yoyenda inkalandira gawo la ndalama za pachipata, choncho timu ya ochemerera ochepa inkapezako kangachepe ikapita kukasewera ndi timu ya ochemerera ambiri. Lamuloli litasintha, eni bwalo adayamba kusunga zonse. Ndalama za wailesi ya kanema, zimene poyamba zinkagawidwa mofanana kwa matimu onse 92, zidagawidwanso mwatsopano mu 1986, theka n'kumapita kwa matimu a m'gawo loyamba (First Division) okha. Mu 1992 matimu aakuluwo adadzipatula n'kukhazikitsa Premier League kuti adzikambirira okha za ndalama za kanema. Ndiye mukaona Rochdale itaima malo amodzi zaka 36, muzikumbukira kuti makwerero amene inkayesa kukwera ankatalikitsidwa chaka ndi chaka.

Mayi Nabanda ayankha:

Bambo Mbewe afotokoza bwino za malamulo, ndipo sindikutsutsa chilichonse mwa zimene anena. Koma malamulo amenewo adali a matimu onse, ndipo ena mwa matimu ang'onoang'ono adakwerabe. Northampton Town idachoka m'gawo lachinayi mu 1961 n'kufika m'gawo loyamba mu 1965. Carlisle United idafika m'gawo loyamba mu 1974, chaka chomwe Rochdale idatsika. Ndiye payenera kukhala china chimene chidali cha Rochdale yokha, ndipo ine ndimachiona pa malo amene tauniyo ili.

Rochdale ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa Manchester. Carlisle, mosiyana, ili yokhayokha kufupi ndi malire a Scotland, ndipo wokonda mpira wa kumeneko alibe kwina koti apite Loweruka masana. Mnyamata wa ku Rochdale wa m'zaka za m'ma 1960 adali ndi kosankha kochuluka. Bolton Wanderers idatenga chikho cha FA mu 1958, Burnley idatenga ligi mu 1960, ndipo mu 1968 Manchester City idatenga ligi pamene Manchester United idatenga chikho cha ku Ulaya ili ndi George Best ndi Bobby Charlton. Onsewa ndi oyandikana ndi Rochdale, kuwonjezera pa Oldham Athletic ndi Bury zimene zili pakhomo penipeni. M'tauni momwemo mulinso timu ya rugby, Rochdale Hornets, imene inkalimbirana ndi timu ya mpira wa miyendo anthu omwewo ndi ndalama zomwezo, ndipo kuyambira mu 1988 matimu awiriwa akhala akugwiritsa ntchito bwalo limodzi. Mabanja atayamba kukhala ndi magalimoto, ndiponso BBC itayamba kuonetsa pulogalamu ya mpira ya pa kanema ya Match of the Day mu 1964, mwana wa m'tauniyo sankafunikanso kukhutira ndi mpira wa pafupi ndi kwawo.

Onjezerani pamenepo nkhani ya thonje. Rochdale idakula chifukwa cha mafakitale opota ndi kuwomba nsalu, ndipo ogwira ntchito m'mafakitalewo ndiwo ankadzaza Spotland akaweruka Loweruka. Nkhondo itatha, nsalu zotsika mtengo zochokera kumayiko ena zidalanda msika, mafakitale adatsekedwa limodzi ndi limodzi m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970, ndipo munthu amene ntchito yamuthera amayamba wasiya za mpira asanasiye za chakudya. Eni mafakitale, amene akadatha kuika ndalama zawo mu timu, nawonso adachepa.

Chaka cha masewero cha 1973-74 chimasonyeza zonsezi pamodzi. Timuyi idapambana masewero awiri okha mwa 46. Nthawi imeneyo dziko la Britain lidali pa vuto la magetsi chifukwa cha mkangano wa boma ndi ogwira ntchito m'migodi ya malasha, kotero matimu sankaloledwa kuyatsa magetsi a pabwalo mwachisawawa. Mu Febuluwale 1974 Rochdale idasewera ndi Cambridge United masana a tsiku la ntchito, ndipo anthu olembedwa kuti adalowa adali 588 okha, pabwalo lomwe lija lidalandira anthu oposa 24,000 zaka 25 zisanathe.

Koma ndisachoke ndisanatchule munthu amene kwa ine ndiye mutu wa mbiri ya timuyi, Tony Collins. Iye adabadwira ku London mu 1926, adasewera mpira m'matimu angapo, ndipo mu 1960 adapatsidwa udindo wophunzitsa Rochdale, n'kukhala munthu wakuda woyamba kuphunzitsa timu ya mu Football League. Mu 1962 adaitsogolera timu ya m'gawo lachinayi mpaka mu ndime yotsiriza ya League Cup, atagonjetsa Blackburn Rovers ya m'gawo loyamba mu ndime ya matimu anayi ndi zigoli 4 kwa 3 pophatikiza masewero awiri. Mu ndime yotsiriza adagonja kwa Norwich City, 3-0 pakhomo ndi 1-0 koyenda. N'zoona kuti chikhocho chidali chatsopano ndipo matimu ena aakulu ankakana kulowa nawo, koma padatenga zaka 51 kuti timu ina ya m'gawo lachinayi, Bradford City, ifikenso mu ndime yotsiriza ya chikhochi mu 2013. Chimene chimandiwawa n'chakuti ulemu umenewo sudasinthe kanthu. Collins adapitiriza kugwira ntchito ndi ndalama zochepa kufikira pamene adachoka mu 1967, ndipo sadapatsidwenso udindo wokhazikika wa mphunzitsi wamkulu kwina kulikonse, ngakhale kuti luso lake lozindikira osewera lidagwiritsidwa ntchito ndi matimu aakulu monga Leeds United ndi Manchester United.

Ndipo wosewera aliyense akayamba kuwala ankagulitsidwa. David Cross, amene adali mu timu imene idagonjetsa Coventry City ya m'gawo loyamba m'chikho cha FA mu 1971, adapita ku Norwich City chaka chomwecho. Alan Taylor adagulitsidwa ku West Ham United kumapeto kwa 1974, ndipo patangopita miyezi yochepa adamwetsa zigoli zonse ziwiri mu ndime yotsiriza ya chikho cha FA pa Wembley. Ndalama zake zinkapita ku ngongole ndi malipiro, osati kukagula wina wolowa m'malo mwake. Timu yotere imakhala ngati mlimi amene chaka chilichonse amagulitsa mbewu yake kuti agule chakudya cha lero.

Bambo Kamanga ayankha:

Ndawerenga zimene alemba bambo Mbewe ndi mayi Nabanda, ndipo ndikupempha kusiyana nawo pang'ono, makamaka bambo Mbewe. Mfundo ya khomo lopapatiza ikugwira ntchito kufikira mu 1958 basi. Kuchokera pamenepo, matimu anayi ankakwera kuchoka m'gawo lachinayi pafupifupi chaka chilichonse. M'zaka 36 zimene Rochdale idakhala m'gawolo, malo okwerera oposa 140 adaperekedwa, ndipo adatengedwa ndi matimu amene sadali olemera kuposa iyo. Crewe Alexandra, imene kwa zaka zambiri inkakhalira limodzi ndi Rochdale kumchira kwa ligi, idadzikonza mwa kuphunzitsa ana ake mpaka idafika m'gawo lachiwiri mu 1997. Wimbledon, imene idalowa mu ligi mu 1977 ili ndi bwalo laling'ono ndi ochemerera ochepa, idafika m'gawo loyamba mu 1986 n'kutenga chikho cha FA mu 1988, pakati pa matimu akuluakulu a mu London. Choncho sitingauchotse utsogoleri pa mlandu umenewu. Timu imene imasinthasintha aphunzitsi, imene cholinga chake chaka chilichonse ndi kungopewa kumchira, imazolowera moyo umenewo, ndipo osewera abwino amadziwiratu kuti kumeneko n'kongodutsira.

Koma ndabwera makamaka chifukwa cha funso lachiwiri la a Madalitso, limene silinayankhidwe. Malamulo omwewo amene akunenedwa kuti adaipondereza Rochdale ndiwo adaipulumutsa. Kufikira mu 1986, timu yomaliza kumchira kwa gawo lachinayi siinkatuluka mu ligi yokha. Matimu anayi apansi ankapempha kuti asankhidwenso pa msonkhano wa pachaka, ndipo ankapikisana pa voti ndi matimu a kunja kwa ligi ofuna kulowa. Ovota adali matimu anzawo a mu ligi, amene kawirikawiri ankakondera amene adazolowerana nawo, podziwa kuti mawa akhoza kukhala iwo opempha. Hartlepool idapempha maulendo 14 ndipo sidakanidwepo. Amene ankachotsedwa nthawi zambiri adali matimu a kumadera ovuta kufikako, kapena amene anzawo adatopa nawo. New Brighton idachotsedwa mu 1951, Gateshead mu 1960, Bradford Park Avenue mu 1970, Barrow mu 1972 ndipo Workington mu 1977. Accrington Stanley yokha ndiyo idadzichokera mu 1962, ligi ili mkati, chifukwa cha ngongole.

Tsopano taonani zimene zidachitikira Rochdale. Mu 1978 idamaliza kumchira kwenikweni kwa ligi yonse, koma amene adachotsedwa ndi Southport, imene idamaliza pamwamba pake, ndipo malo ake adapatsidwa kwa Wigan Athletic. Mu 1980 Rochdale idamalizanso kumchira. Chaka chimenecho matimu a kunja kwa ligi adali atakhazikitsa ligi yawo ya dziko lonse, Alliance Premier League, ndipo akatswiri ake oyamba adali Altrincham, timu ya kummwera kwa Manchester. Mavoti atawerengedwa, Rochdale idapeza 26 ndipo Altrincham idapeza 25. Zimanenedwa kawirikawiri kuti nthumwi za matimu awiri amene adalonjeza kuvotera Altrincham sizidaponye voti tsiku limenelo, ina chifukwa chochedwa kufika, ina chifukwa chokhala pa malo olakwika m'chipinda cha msonkhano. Altrincham idatenganso ligi yawoyo chaka chotsatira, idakanidwanso, ndipo mpata wake udatha pomwepo.

N'chifukwa chake ine chisoni changa chimagawikana. Timamva chisoni ndi ochemerera a Rochdale amene adapirira zaka zonsezo, ndipo n'koyenera kutero. Koma kudali anthu ena ku Altrincham amene timu yawo idachita zonse zoyenera pabwalo n'kutsekeredwa kunja ndi voti imodzi, kuti timu imene idamaliza kumchira kawiri m'zaka zitatu ikhalebe m'kati. Lamulo la voti litathetsedwa, timu yoyamba kutuluka yokha mu 1987 idali Lincoln City. Likadabwera zaka khumi m'mbuyo mwake, zaka 36 zimene tikukambiranazi zikadathera pa chaka chachinayi.

Madalitso M. walembanso:

Zikomo kwambiri bambo Mbewe, mayi Nabanda ndi bambo Kamanga. Nkhani ya voti imodzi ija sindinkaidziwa, ndipo yandisinthitsa maganizo, chifukwa ndinkaona ngati Rochdale idali yoponderezedwa chabe. Koma mfundo ya bambo Kamanga yandibweretsera funso lina. Lamulo lotuluka mu ligi popanda voti litayamba mu 1987, Rochdale idakhalabe zaka zina 36 isanagwe, pamene panalibenso anzake oiteteza. Komanso mu 2010 idakwera, pa nthawi imene kusiyana kwa olemera ndi osauka kudali kwakukulu kuposa kale, mafakitale a nsalu atatha, ndipo matimu a ku Manchester akukopa anthu a dziko lonse lapansi. Ngati zifukwa zonse zimene mwatchula zidalipobe, chidasintha n'chiyani?

Mayi Nabanda ayankhanso:

A Madalitso, funso lanu likundikakamiza kuvomereza kuti bambo Kamanga ali ndi mfundo pa za utsogoleri, chifukwa tauni sidasinthe ndipo anansi sadasamuke. Chimene chidasintha ndi kagwiritsidwe ntchito ka zochepa zimene timuyo idali nazo.

Zizindikiro zidayamba kuoneka mu 2002, pamene Rochdale idafika koyamba m'masewero achipulula olimbirana malo omaliza okwerera, n'kugonja kwa Rushden & Diamonds. Koma kusintha kwenikweni kudabwera mu Disembala 2006, pamene Keith Hill, amene adaseweraponso mu timuyi ngati wotchinga kumbuyo ndipo ankaphunzitsa achinyamata ake, adapatsidwa timu yaikulu ili pafupi ndi kumchira. Iye ndi womuthandiza wake David Flitcroft sadasiye kugulitsa osewera, pakuti sakadatha kutero. Chimene adachita ndi kusandutsa kugulitsako kukhala njira yoyendetsera timu: kutola osewera amene matimu ena adawataya kapena amene ankasewera kunja kwa ligi, kuwakonza, kuwagulitsa pa mtengo wabwino, wolowa m'malo ali kale pafupi. Taonani mayina amene adadutsa pa Spotland m'zaka zimenezo. Grant Holt ndi Rickie Lambert adagulitsidwa mu 2006 Hill asanatenge udindo, Glenn Murray adapita ku Brighton mu 2008, Adam Le Fondre ku Rotherham mu 2009, ndipo Craig Dawson adagulidwa ndi West Bromwich Albion mu 2010. Onsewa adakasewera mu Premier League, ndipo Lambert adafika povala malaya a timu ya dziko la England.

Ngakhale zidali choncho, khomo silidatseguke msanga. Mu 2008 timuyi idafika pa Wembley kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake n'kugonja 3-2 kwa Stockport County. Mu 2009 idagonjanso m'masewero achipululawo kwa Gillingham. Pa 17 Epulo 2010 ndi pamene idagonjetsa Northampton Town 1-0 pa Spotland ndi chigoli cha Chris O'Grady, n'kukwera gawo kwa nthawi yoyamba chichokereni 1969. Munthu amene adali ndi zaka 10 pa kukwera koyamba kuja adali ndi zaka 51 tsiku limenelo, ndipo ambiri amene adamutengera ku bwalo ali mwana sadakhale ndi moyo kuti aone zimenezi.

Zaka zotsatira zidali zabwino koposa m'mbiri ya timuyi. Hill atapita ku Barnsley mu 2011 idatsika, atabwerera mu 2013 idakweranso mu 2014, ndipo mu 2015 idamaliza pa nambala 8 m'gawo lachitatu, malo apamwamba kwambiri amene idafikapo chiyambire magawo a dziko lonse mu 1958. Mu 2018 idafanana mphamvu 2-2 ndi Tottenham Hotspur m'chikho cha FA, ndipo pa tsiku lomaliza la ligi chaka chomwecho Joe Thompson, amene adali atadwala khansa kawiri n'kubwerera pabwalo, adamwetsa chigoli chimene chidagonjetsa Charlton Athletic ndi kuipulumutsa timuyi kuti isatsike. Chaka chotsatira, anansi awo a Bury, amene adatengapo chikho cha FA mu 1900 ndi mu 1903, adachotsedwa mu ligi chifukwa cha mavuto a zachuma, patangopita miyezi yochepa atakwera gawo ndi ndalama zimene adalibe. Pamenepo anthu ambiri adayamba kuona kuti kusamala ndalama kwa Rochdale, kumene kale kunkatengedwa ngati kusowa masomphenya, kudali ndi nzeru yake.

Koma apa ndi pamene ndikubwereranso kwa bambo Mbewe. Njira ya Hill inkadalira kuti chaka chilichonse papezeke wosewera wogulitsa ndiponso wina womulowa m'malo, ndipo zimenezi zikalephereka zaka ziwiri zotsatizana, pansi pamakhala popanda chogwira. Ochemerera sadachuluke kwenikweni ngakhale m'zaka zabwinozo. Hill adachotsedwa mu Marichi 2019. Luke Matheson, mnyamata wa zaka 16 amene adamwetsa chigoli pa Old Trafford, bwalo la Manchester United, mu Seputembala chaka chomwecho, adagulitsidwa ku Wolverhampton Wanderers patangopita miyezi inayi. Kenako mliri wa Covid-19 udatseka zipata za mabwalo, ndipo timu imene inkadalira ndalama za pachipata idasewera pafupifupi chaka chathunthu popanda oonera. Mu 2021 idatsikira m'gawo lachinayi, ndipo mu Epulo 2023 idatuluka mu Football League itagonja 1-0 pabwalo la Stockport County, timu yomwe ija idaitsekera khomo pa Wembley zaka 15 m'mbuyomo.